Utoto wa Mafirizesi mu Rediyeta

Ku Chinsapo, kuseri kwa chigayo chakale, kunali nyumba ya malata imene anthu ankaidziwa ndi zinthu ziwiri: nyimbo za mapemphero a m'mawa, ndi pikapu yoyera yoima pansi pa mtengo wa mango. Inali nyumba ya a Gwanda, bambo a ku Ntcheu amene anayendetsa malole ku Kanengo mpaka imvi mbuu. Atapuma ntchito, chaka chimene anthu ankavotera zipani zambiri, anagula pikapuyo n'kukoketsanso magetsi. Galimotoyo inkanyamula njerwa, mchenga, kwaya ya mpingo, ndi maliro a aliyense wa m'deralo. Magetsi ankathandiza mayi Gwanda, amene ankaumitsa mafirizesi, timadzi totsekemera ta m'timapepala tija, ofiira, achikasu ndi obiriwira, n'kumagulitsa pageti la sukulu.

Sanali olemera, koma ankadya n'kukhuta ndipo ankaseka kwambiri. Ana anali awiri. Woyamba anali Jemima, mtsikana wofatsa wodziwa kusoka. Wachiwiri anali Ephraim, mnyamata wa mtima wabwino koma wokonda bulangete kuposa china chilichonse chimene Mulungu analenga.

Tsiku limene pikapu inafika, Jemima anaizungulira akuisisita.

"Ababa, pa ukwati wanga ndidzakwera imeneyi."

"Mwamuna wake ali kuti?" anaseka a Gwanda. "Chabwino. Udzakhala kutsogolo, ndipo galimoto imeneyi idzakutula pakhomo penipeni pa tchalitchi. Ndalonjeza."

Lonjezolo linasanduka nthabwala ya pakhomopo, koma a Gwanda sankaliona ngati nthabwala.

Patapita zaka zingapo maso awo anayamba kuchita ng'ala. Ephraim anali atatenga laisensi, choncho Loweruka lina m'mawa bambo ake anamuitana, natsegula boneti injini isanalizidwe. Pambali panali chigubu cha kulanti, mankhwala obiriwira othira mu rediyeta, ndi botolo lakale la Sobo loyezera.

"Makiyi ndikupatsa, koma umve kaye. Galimoto imafa ndi ludzu kapena ndi madzi oipa. Botolo limodzi la kulanti, botolo limodzi la madzi, usakanize m'ndowa, kenako uthire. Kulanti yekha sachotsa bwino kutentha, komanso n'kuwononga. Madzi okha amawira msanga ndipo amadya chitsulo."

"Madzi ndi madzi, Ababa."

A Gwanda analowa m'khitchini, natuluka ndi ketulo ya akazi awo, naivundukula. Mkati monse munali zoyera zokakamira ngati laimu.

"Awa ndi madzi a pachitsime chathuchi. Mu rediyeta muli timipaipi tating'ono kuposa udzu. Ukufuna muzikhala chonchi? Madzi ake ndi a mvula, a mu diramu lakuseri lija, osefa ndi nsalu. Osati mvula yoyamba yotsuka fumbi padenga. Ndipo kulanti weniweni amaterera m'zala, taona. Koma ndi poizoni, usasiye pamene pali ana kapena galu."

"Ndamva."

"Chomaliza. Ikatentha, ima, zimitsa, dikira. Usadzatsegule chitsekerero injini ili yamoto."

"Bambo a Jemima, mundibwezere ketulo yanga," anatero mayi Gwanda ali pazenera. "Ulaliki wanu ukatha tiyi azizira."

Onse anaseka, ndipo Ephraim analandira makiyi ndi manja awiri.

Miyezi yoyamba zinthu zinayenda bwino zedi. Ephraim ankadziwa kuyendetsa, makasitomala ankamukonda, ndipo madzulo ankabwera ndi kabuledi kapena usipa. Bambo ake ankakhala pakhonde kumvetsera kulira kwa injini ikamakhota pachigayo, n'kumagwedeza mutu mokhutira. Mayi ake ankamutcha "dalaivala wathu" pamaso pa amayi anzawo, iye n'kumayenda ngati nthaka ndi yake.

Kenako paipi ya labala ya pansi pa rediyeta inayamba kudontha. Kanali kadontho chabe, konyowetsa fumbi pamene galimoto yagona. A Gwanda anamuuza kuti akagule paipi ina m'tauni. Ephraim anaona kuti kuchotsa paipi n'kugona pansi pa galimoto, ndipo kugona kumene iye ankakonda sikunali kumeneko. Anamangapo mphira wa chubu, nanena mumtima kuti asintha mawa.

Masiku amenewo n'kuti atazolowerana ndi Nedson, dalaivala wa minibasi ya ku Area 25, munthu wa pakamwa potsekemera amene ankadziwa mowa uliwonse ndi dzina la agogo ake. Masana ena anakumana pamalo omwera Chibuku pafupi ndi depoti. Nedson anaona chigubu chobiriwira kuseri kwa mpando, nachinyamula n'kuwerenga zolembedwapo.

"Aise, ukudziwa zimene alemba apa? Antifirizi. Mankhwala oletsa madzi kuundana. Tandiuza, unaonapo madzi ataundana m'Chinsapo, kupatula mufiriji ya masteni ako?"

Ephraim anaseka.

"Izi n'za kwa azungu, kumene kumagwa chipale. Madala ako akungotaya zinthu. Ife m'tauni muno timangothira a pampopi basi, galimoto n'kumauluka bhobho."

"Akuti zimateteza dzimbiri."

"Dzimbiri lake liti? Iwe ndipatse chigubuchi, ine ndikugulire mapaketi mpaka ukhute. Tsiku limodzi siliwoza mbewa."

Chigubu chinapita, mapaketi anabwera. Ephraim sanali wopusa kusukulu, koma tsikulo sanadzifunse funso limene ngakhale mwana wa sitandade wani akanafunsa: ngati mankhwalawo ndi achabechabe, Nedson ankawafuniranji?

Vuto linatsala limodzi. Loweruka lililonse a Gwanda ankasuzumira mu rediyeta. Maso awo sankaonanso zilembo, koma mtundu wobiriwira ankauona. Ephraim anaganiza usana wonse, ndipo nzeru imene anaipeza anaikonda kwambiri moti anadziyamikira yekha. Analowa m'khitchini amayi ake ali ku sukulu, natsina pang'ono utoto wobiriwira wa mafirizesi, nauthira m'ndowa ya madzi a pachitsime. Madzi anabiriwira bwinobwino, kuposanso kulanti amene.

Kuyambira pamenepo ntchito inapepuka. Diramu la madzi a mvula linali kutali, kuseri kwa nyumba, ndipo kusefa kunkachedwetsa munthu. Chitsime chinali pafupi. Akakhala kokatenga njerwa ku dambo, ankangotunga m'dzenje loumbiramo, matope ndi ana a achule omwe. Paipi inkadonthabe, iye n'kumawonjezera madzi m'mawa ndi masana. Bambo ake akagula chigubu china, chinkagona pakhomo kamodzi kokha n'kulowera kwa Nedson. Ephraim ananenepa masaya, ndipo ankaona kuti moyo ndi wosavuta kwa munthu wochenjera.

Woyamba kununkhiza kanthu anali mayi ake. Tsiku lina akumuthirira madzi osamba m'manja, anamugwira dzanja n'kulitembenuza.

"Zala zakozi zabiriwira ndi chiyani?"

"Ndi kulanti, Amayi."

"Ephraim, utoto wanga ndimaudziwa. Kachitini kofiira ndi kachikasu n'todzaza, kobiriwira kali pansi. Kodi makoswe a m'nyumba muno amasankha mtundu?"

"Ndinagwetsa ndikufuna shuga."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali ndi chisoni, chifukwa mwana wawo anali asanawanamizepo akuwayang'ana m'maso.

"Zimene ukuchita ndi utoto wangawo sindikuzidziwa, mwananga, koma Mulungu akuziona. Mpweya wakonso masiku ano sukununkha tiyi. Chinthu chikafuna kupakidwa utoto kuti chioneke bwino, ndiye kuti mkati mwawola. Usiye."

Sanauze amuna awo, poti nyumba inali pa chimwemwe chachikulu ndipo sanafune kuithira mchenga. Kizito, kalipentala wa ku Area 23, anali atafunsira Jemima. Chinkhoswe chinachitika, ndipo ukwati anauika mu Okutobala, ku tchalitchi cha ku Kawale. Jemima ankasoka yekha diresi lake loyera, ndipo a Gwanda ankauza aliyense wodutsa kuti mkwatibwi sadzakwera galimoto yobwereka.

Kutatsala pang'ono ukwati, Ephraim anabwera kuchokera ku Njewa ndi nkhuni zophikira. A Gwanda anadzuka pakhonde akufwenthera.

"Galimotoyi ikununkha kutentha. Mawa ndiione."

M'mawa mwake anatsegula chitsekerero, nasuzumira. Kobiriwira. Anapinda mkono wa malaya kuti aviike chala. Ephraim anafulumira kulankhula.

"Ababa, ndiye kuti simundikhulupirira?"

Dzanja la bambowo linaima m'malere. Kenako analibweza, natseka.

"Pepa, mwananga. Ndinakuganizira zoipa. Ukalamba umabwera ndi kukayikira. Ukuisamala bwino."

Mawu amenewo anamuwawa Ephraim kuposa mbama. Tsiku lonse nsima sinatsike bwino. Anatsimikiza mumtima kuti mawa lomwelo akhuthula madzi onse oipawo, atsuka rediyeta, asintha paipi, ndipo akalanda chigubu kwa Nedson. Mawa linafika ndi ulendo wokatenga mipando. Linzake linafika ndi mbuzi za ku Mitundu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Ephraim anangothiramo madzi ena ndi katsinidwe kena ka utoto.

Tsiku la ukwati dzuwa linatuluka ndi ukali wa Okutobala. Atsikana a kwaya anakongoletsa pikapu ndi mapepala ofewa oyera ndi apinki, mabaluni, ndi maluwa othyola pampanda wa aneba. Kutsogolo kunakhala Ephraim pa chiwongolero, Jemima pakati, ndi a Gwanda kukhomo, atavala jekete imene anakwatira nayo. Kumbuyo kunadzaza amayi ndi nthungululu zawo, mayi Gwanda ali pakati.

Galimoto ya mkwatibwi sithamanga. Imayenda pang'onopang'ono, hutala ikulira, kuzungulira m'makwalala kuti aliyense aone kuti mwana wa uje akupita mwaulemu. Ephraim anazungulira Chinsapo, ana akuthamangira m'mbali, ndipo ataona atsikana akumubayibitsa pamsika anazunguliranso kachiwiri. A Gwanda ankamwetulira ngati mwana.

"Ndinakuuza chiyani, Jemima?"

"Munalonjeza, Ababa."

Atayandikira mlatho wa Lilongwe anapeza mdipiti wa magalimoto wa Loweruka. Kuyenda pang'ono, kuima, kuyenda pang'ono. Ephraim anaona muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini ukukwera. Unadutsa pakati. Unayandikira pofiira. Anadziwa zoyenera kuchita: kupatuka, kuzimitsa, kudikira. Koma kuima kunali kuyankha mafunso, ndipo mafunso ndiwo ankawaopa. Anakoka pepala limodzi lokongoletsa n'kuphimba gejiyo kuti mlongo wake asaone.

Anawoloka mlatho. Pokwera kamtunda kolowera kumsika, injini inayamba kugogoda ngati munthu akukhoma misomali. A Gwanda anasiya kumwetulira.

"Ima. Ephraim, ima, zimitsa."

Sipanafunikenso kuzimitsa. Pikapu inatsokomola kawiri n'kufa yokha, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa boneti. Nyimbo kumbuyo zinatha. Jemima anatsika atanyamula diresi lake, naima pambali. Ephraim anathamangira kutsogolo, natukula boneti, ndipo chifukwa cha mantha mutu unasiya kugwira ntchito. Ankangofuna kuthiramo madzi msanga bambo ake asanafike.

"Usatsegule!" anakuwa a Gwanda.

Koma Ephraim anali atapotokola kale chitsekerero. Madzi owira anafwamphuka ngati mpopi wosweka, namuwotcha dzanja lamanja mpaka m'chigongono ndi mbali ya khosi. Ephraim anagwa pansi akukuwa. Madzi otsalawo anauluka ndi mphepo, nawaza diresi loyera kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Sanamuwotche Jemima, koma diresi linachita mathothomathotho a dzimbiri losakanikira ndi kubiriwira.

Amayi ena anathamanga ndi madzi ozizira a wogulitsa m'mbali mwa msewu n'kumathira pa dzanja la mnyamatayo. A Gwanda anawerama pang'onopang'ono, naviika zala m'chithaphwi chimene chinali pansi pa galimoto, nazitikita. Sizinaterere. Zinali zokhakhala ndi mchenga ndi dzimbiri. Mayi Gwanda anayang'ana diresi la mwana wawo, nazindikira mtunduwo, nagwira pakamwa. 

Nthawi yomweyo minibasi ya Nedson inatulukira pamlatho. Ephraim, ululu uli choncho, anaimika dzanja lamanzere.

"Nedson, tithandize. Mlongo wanga achedwa ku tchalitchi."

Nedson anatulutsa mutu pawindo, nayang'ana nthunzi ija.

"Sore aise, ndadzaza. Komatu galimoto imafuna kulanti, nyengo yotentha ngati ino. Ine yanga ndimathira daily."

Anaponda moto n'kumapita. Minibasi yake inakwera mtunda uja injini ili phee, itamwa mankhwala a a Gwanda.

Amene anaima anali munthu wosamudziwa n'komwe, a Abasi, mwini lole imene inali itangotsitsa mbatata za ku Dedza pamsika. Anavula mpango wa paphewa, napukuta mpando, nakweza mkwatibwi ndi bambo ake. Amayi anakwera kumbuyo pa matumba opanda kanthu. Asananyamuke anamangira Jemima chitenje chatsopano m'chiuno kubisa mathotho aja, nayambiranso nyimbo, poti ukwati sulira. Anafika abusa atayang'ana kale wotchi kangapo. Kizito ataona mkazi wake akutsika mu lole ya mbatata anaseka mpaka misozi, nanena kuti akanamukwatira ngakhale akanabwera pa wilibala. Ukwati unadalitsidwa, anthu anavina, mpunga unakwanira.

Ephraim sanaone chilichonse cha zimenezo. Anali pa benchi kuchipatala, mneba mmodzi atamuperekeza, akumvetsera anamwino akumufunsa ngati panalibe munthu wamkulu womuuza kuti rediyeta yamoto satsegula.

Pikapu anaikoka ndi chingwe kubwerera ku Chinsapo. Makaniko atamasula injini anaitana a Gwanda kuti agwire okha. Timipaipi ta rediyeta tinali titatsekeka ndi zoyera zija za m'ketulo, pampu ya madzi itadyeka, m'kati monse muli phala la dzimbiri, ndipo mutu wa injini unali utapindika n'kung'aluka. Anaikweza pa njerwa pansi pa mango paja.

Ephraim anatuluka m'nyumba dzanja lili m'bandeji, nagwada pakhonde pamaso pa makolo ake. Ananena zonse: zigubu, mapaketi a mowa, utoto, madzi a m'dzenje la njerwa, ndi pepala limene anaphimba nalo geji. A Gwanda anamvetsera osamudula.

"Galimoto ndi chitsulo, mwananga. Zitsulo ndaziona zambiri zikufa. Ziwiri zokha ndi zimene zandiwawa. Ndinalonjeza mlongo wako, ndipo wafika pa tchalitchi pa galimoto ya mwini wake. Chinacho n'chakuti tsiku lija ine, bambo ako, ndinakupepesa, iwe n'kulandira."

Ephraim analira ngati kamwana. Mayi ake nawonso analira, nanena kuti akanalankhula tsiku limene anaona zala zija. Kenako a Gwanda anaika dzanja pamutu pa mwana wawo, napemphera, namuuza kuti adzuke akadye.

Lamlungu lotsatira anayenda wapansi mpaka ku Area 23 kukapepesa Jemima. Mlongo wakeyo anamuonetsa diresi lija, atalichapa kangapo koma mathotho osachoka.

"Ndakukhululukira, achimwene. Koma ili sinditaya. Ana ako akadzayamba ulesi ndidzawaonetsa."

Nyumba ya a Gwanda inapepukirako m'mbale chaka chimenecho. Njerwa za anthu zinkanyamulidwa ndi magalimoto ena, ndipo maliro a m'deralo ankadikira lole yobwereka. Dzanja litapola, Ephraim ankanyamula bokosi la mafirizesi la amayi ake kupita nalo kusukulu, masana n'kumakankha wilibala ya mchenga. Anyamata ankamuseka kuti dalaivala watsika giya. Iye ankangoseka nawo, ndipo njira ya ku depoti anaisiya. M'nyumbamo nyimbo za m'mawa sizinaleke.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, iye anangoiyang'ana ikutsuka denga. Itabwera yachiwiri, anagubuduza diramu lija, nalitsuka, naliika pansi pa malata, namanga nsalu yoyera pakamwa pake. Bambo ake anamva phokosolo ali pakhonde.

"Madziwo ndi a galimoto iti?"

"Yomweyi, Ababa. Idzadzuka. Ndidzaidzutsa ndine."



"Usefe kawiri," anatero a Gwanda.

Pikapuyo inakhala pa njerwa mvula ziwiri, nkhuku zikuikira mazira pa mpando umene anakhalapo mkwatibwi, Ephraim asanakwanitse kuigulira mutu wina wa injini. Inadzukadi, ndipo inanyamula mwana woyamba wa Jemima kuchokera kuchipatala. Koma ukwati suchitika kawiri, ndipo chipsera cha pa dzanja lake chilipo mpaka lero.

Inu achinyamata, tchimo la Ephraim silinayambe ndi kuba. Linayamba ndi kadontho kamene anachita nako ulesi, ulesiwo unaitana bwenzi loipa, bwenzilo linabweretsa mowa, ndipo zonsezo zinafuna bodza loziphimba. Mukhoza kupaka utoto n'kupusitsa maso okalamba a makolo anu, koma dzimbiri limadyabe mkati, ndipo limadzaonekera pa tsiku limene mukufunitsitsa kuti zinthu ziyende bwino, anthu onse akuona. Mukapatsidwa chinthu kuti musamale, thiranimo zoyenera ngakhale palibe wokuonani. Ndipo kholo likatambasula dzanja kuti lione ntchito yanu, musalibweze.